Mbiri ya Agogo, kompyuta ya Windows XP ili m'kabati yathu



Amene munalipo pa msonkhano wathawu mukukumbukira mkangano umene unabuka. Nkhani yake inali ya kompyuta ija ili m'kabati, imene tinaipatsa dzina loti Agogo. Ena munati ikungotithera malo, tiigulitse kwa anyamata ogula zitsulo, ndalamayo tigulire mpira. Ena munakana. A tcheya anandipatsa ine ntchito yofufuza kumene chinthuchi chinachokera komanso ngati chingagwirebe ntchito, poti Fomu 4 ndinamaliza ndipo nthawi ndili nayo. Izi ndi zimene ndapeza. Ndi zazitali ndithu, bandulo yanu ipirire, koma chonde muwerenge mpaka kumapeto tisanavote Loweruka.

AGOGO NDI AAKULU KUPOSA INE

Mukawayatsa Agogo, pa sikirini pamabwera kaphiri ka udzu wobiriwira ndi mitambo yoyera. Imeneyo ndi nkhope ya Windows XP, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za m'kompyutamo. Kampani ya Microsoft inaitulutsa pa 25 Okutobala 2001. Ine ndinabadwa mu 2005, ndiye mukuona kuti dzina loti Agogo silinalakwike. Ndili mwana ndinkaganiza kuti kaphiriko n'kojambula pamanja, chifukwa phiri limene ndimalidziwa ndi la Nkhudzi, la miyala ndi mitengo yake. Koma ndi malo enieni a ku California, ndipo anawajambula ndi Charles O'Rear.

Chimene chinachititsa kuti XP ifalikire mpaka kuno n'chakuti sinkafuna zambiri. Inkatha kuyenda pa kompyuta ya RAM ya 64 MB yokha ndi malo a 1.5 GB pa hard disk. Foni yotchipa ya RAM ya 2 GB imene ili m'manja mwanuyo imaposa pamenepo ka 32. Agogo athu ali ndi Pentium 4 ndi RAM ya 512 MB, ndiye pa nthawi yawo anali bwana ndithu.

INAFIKA BWANJI KUNO?

Pamene XP inkatuluka, makompyuta m'Malawi anali a m'maofesi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Imelo inayambira ku Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997, lamulo lokhazikitsa MACRA linabwera mu 1998, ndipo mafoni a m'manja anali asanafike kwa munthu wamba: TNM inayamba mu 1995, Celtel, imene pano ndi Airtel, mu 1999. Funsani makolo anu, akuuzani kuti kalata yofunsira ntchito inkalembedwa pamanja kapena pa makina otayipira aja olira kuti tya tya tya, ndipo mayeso a pasukulu ankawatayipa pa sitensulo n'kuwapukusa pa makina a inki.

Nthawi yomweyo ku Ulaya maofesi ndi masukulu ankasintha makompyuta pakangopita zaka zochepa, akale aja akugwirabe ntchito bwinobwino. Mabungwe monga Computer Aid International ndi Computers for African Schools a ku Britain ankawatolera, kufufuta zimene eni ake anasiyamo, kuwakonza ndi kuwatumiza m'makontena kumasukulu a kuno ku Africa, Malawi ali momwemo. Ena ankabwera ndi mipingo, ena ndi anthu a bizinesi, ena ndi achibale ochokera ku Joni atawamanga m'bulangete.

Agogo athu ali ndi zizindikiro za ulendo wotere. Taonani kiyibodi yake: pamwamba pa nambala 3 pali chizindikiro cha £, ndalama ya ku Britain. Kumbali kwa bokosi kuli kachomata ka ofesi ina ya kumeneko, kokhala ndi nambala ya katundu. A patironi athu akuti inafika kuno mu 2009 ndi mlendo wina amene ankathandiza pasukulu ina, inagwira ntchito mu ofesi ya sukuluyo, kenako anatipatsa ife atalandira ina. Ndiye kuti ife ndi eni ake achitatu. Ndi kaunjika, basi, ngati malaya amene ambirife tavala.

NTCHITO IMENE INAGWIRA

Windows payokha siilemba kalata. Ntchito yeniyeni inali ya Office 2003: Word yolembera, Excel yowerengetsera, PowerPoint, ndi Publisher yokonzera makadi. Amene munakulira pa foni simungamvetse kuti mapulogalamu amenewa anadyetsa mabanja angati. M'matauni ndi m'misika monse munatseguka timashopu totayipa ndi kufotokopa. Munthu akakhala ndi kompyuta imodzi ya XP, pulinta ndi magetsi, ameneyo wapeza ntchito: CV, kalata yopita kwa a DC, khadi la chinkhoswe, pulogalamu ya mwambo wa maliro, mayeso a sukulu za pulaiveti. Masukulu a kompyuta nawo anachuluka, ndipo setifiketi yake inkatchula zomwezo, Word, Excel, PowerPoint. Ambiri anaphunzira kutayipa pa Mavis Beacon, ndipo tisanamizane, ambirinso anathera nthawi pa Solitaire ndi Pinball aphunzitsi akatuluka.

Sabata yathayi ndinawayatsa Agogo n'kulowa m'mafoda. Muli maminitsi a kalabu kuyambira chaka chimene tinalandira kompyutayi. Muli malamulo athu oyamba. Muli Excel ya amayi a banki m'khonde amene ankabwera kudzalembetsa masheya ndi ngongole zawo. Muli ma CV a akuluakulu athu ena amene pano ali pa ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja muno. Zambiri mwa zimenezi kulibe kwina kumene zinasungidwa. Tikanagulitsa tsiku lija, mbiri ya kalabu ikanapita pa sikelo ya zitsulo, ndipo ngongole za amayi aja ndi manambala a foni a anthu zikanagwera m'manja mwa munthu amene sitikumudziwa.

Pali chinanso chimene aliyense wolemba Chichewa kapena Chiyao pa Word anachiona: mzere wofiira pansi pa liwu lililonse, ngati kope limene aphunzitsi okwiya alichonga. Word ija inali ndi dikishonale ya Chingerezi, ndiye kwa iyo chilankhulo chathu chonse chinali cholakwika. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba mu dzina la Malaŵi, pa kiyibodi palibe. Njira yake ndi kulemba U+0175 kenako kudina Alt ndi X limodzi, kapena kukachisaka ku Insert, Symbol. Amene anayamba kuchitapo kanthu pa vutoli ndi Amalawi eni ake, monga Edmond Kachale, amene anagwira ntchito yokonza pulogalamu yoona kalembedwe ka mawu a Chichewa. Google Translate inadzawonjezera Chichewa mu Disembala 2014.

Mavuto a Office anayamba kuonekera mu 2007. Office ya chaka chimenecho inabwera ndi mtundu watsopano wa fayilo, wothera ndi .docx m'malo mwa .doc. Munthu ankalandira fomu yofunsira ntchito kuchokera ku Lilongwe, kufika nayo pa kompyuta ya Office 2003, osatseguka. Microsoft inatulutsa kapulogalamu kaulere kotchedwa Compatibility Pack kothetsa vutoli, koma kankafuna kuti ukatenge pa intaneti, imene kuno kunalibe. Ndiye kankayenda pa fulashi, shopu ndi shopu, ngati mmene moto unkayendera khomo ndi khomo kale machesi akasowa.

SAPOTI INALI NDANI?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kompyuta imakhala moyo ndi thandizo la mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya kampani yopanga Windows, imene imatumiza zigamba zotseka mabowo amene akuba ndi mavayirasi amalowera. Pa XP zigamba zikuluzikulu zinali Service Pack 2 ya mu 2004 ndi Service Pack 3 ya mu 2008. Mbali yachiwiri ndi ya makampani opanga zipangizo monga pulinta ndi sikana. Chipangizo chilichonse chimafuna kapulogalamu kake kotchedwa driver. Si dalaivala wa minibasi ayi, koma kali ngati womasulira: Windows ikalankhula, iko kamauza pulinta m'chilankhulo chake. Popanda iko, pulinta yatsopano ya m'katoni ndi chimodzimodzi mwala.

Ku Ulaya zonsezi zinkabwera zokha pa intaneti, mwini wake ali m'tulo. Kuno kompyuta yambiri sinalumikizidwepo n'kamodzi komwe. Sapoti yathu inali munthu. Kwa ife anali bambo wina wa ku Monkey Bay amene ankabwera pa njinga ndi kachikwama kodzaza ma CD, sikuludilaiva ndi kabulashi. M'ma CD amenewo munali Windows, Office, ma driver a mapulinta osiyanasiyana ndi antivayirasi. Kompyuta zitatu zakufa ankazisandutsa imodzi yamoyo: RAM ya iyi, power supply ya iyo, hard disk ya inayo.

Matenda aakulu a nthawi imeneyo anali vayirasi ya pa fulashi. XP inali ndi khalidwe loti ukangolowetsa fulashi, inkatha kuyendetsa pulogalamu ya m'menemo mosavuta, ndipo mavayirasi monga Conficker, imene inatulukira mu 2008, anapezerapo mwayi. Mu 2011 Microsoft inatumiza chigamba chotseka khomo limeneli kudzera pa intaneti. Nanga kompyuta yopanda intaneti chikanaipeza bwanji? Ndiye fulashi imodzi inkatenga matenda pa shopu yopulinta pa boma n'kudzawagawa kuno. Mafoda onse ankasanduka ma shortcut, mwini wake n'kugwira kumutu. Mankhwala odziwika anali amodzi, kufomata, ndipo ndi mmene anthu ambiri anatayira zithunzi za ukwati ndi ntchito za kusukulu. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri mafayilo aja sankafufutika, vayirasi inkangowabisa.

Enanso anali matenda a kwathu kuno. Fumbi la m'chilimwe limatseka fani, kompyuta n'kumatentha mpaka kuzima yokha. Chinyezi cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri. Nyerere ndi mphemvu zimamanga mudzi m'bokosi. Magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu amawotcha power supply, ndipo Agogo anapsa kawiri mwa njira imeneyi. Mukukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW. Miyezi imeneyo ndi imene Agogo analowa m'kabati, ndipo kuyambira pamenepo tinawaiwala. Nditawayatsa ananena kuti tili m'chaka chimene ine ndinali ndisanabadwe. Ena mukanati afa mutu. Ayi, ndi kabatire kakang'ono kozungulira ka CR2032 kamene kamasunga nthawi ndiye kanatha, ndipo kamapezeka kwa okonza mawotchi.

TSIKU LIMENE ENI AKE ANAISIYA

Pa 8 Epulo 2014 Microsoft inasiya kuthandiza Windows XP, ndipo tsiku lomwelo inasiyanso Office 2003. Palibe kompyuta imene inazima tsiku limenelo. Kuno palibenso amene anamva kusintha, popeza zigamba zija sizinkatifika n'kale. Taganizani: Agogo anafika mu 2009, kutatsala zaka zisanu zokha kuti eni ake awasiye.

Kusinthako kunabwera pang'onopang'ono, ngati mmene nyanja imaphwera. Chrome inasiya XP mu 2016. Firefox inapirira mpaka 2018. Mawebusayiti ambiri anayamba kukana kutseguka. Makampani a mapulinta analeka kulemba ma driver a XP, moti lero pulinta yakale ikafa, si yatsopano iliyonse imene ingagwirizane ndi Agogo. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inamanga mafayilo a makompyuta m'mayiko oposa 100 n'kumafuna dipo, mpaka zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Zinafika poipa moti Microsoft inatulutsa chigamba cha XP imene inali itaisiya kale zaka zitatu.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya XP yokha. Windows 7 anaisiya pa 14 Januwale 2020. Windows 10 anaisiya pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri abwinobwino sakuloledwa kulandira Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena pulosesa yawo ndi yakale. Publisher nayo akuisiya mu Okutobala 2026. Tanthauzo lake kwa ife ndi loti maofesi a kunja atayanso makompyuta ambirimbiri, ndipo ena adzafika kuno ngati mphatso kapena pa mtengo wotsika, eni ake atawasiya kale. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha taimva ng'oma yake.

ZA ILALA NDI ZA KU LILONGWE

Ife a kunyanja sitiyenera kuphunzitsidwa kuti chinthu chakale chimatha kugwira ntchito. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja ino mu 1951. Yanyamula anthu zaka zoposa 70 chifukwa pa doko la Monkey Bay pakhala pali anthu oidziwa, oiwotcherera ndi kuisintha zofunika kusintha. Injini ya boti ya amalume anu ndi chimodzimodzi: imakhala moyo malinga ngati masipeya ndi makaniko alipo.

Kusiyana kwake ndi kumodzi. Chitsulo cha sitima chikathyoka, munthu waluso atha kusula china. Koma m'kati mwa Windows ndi motseka, amaloledwa kukonzamo ndi Microsoft yokha. N'chifukwa chake ena amasankha mapulogalamu otseguka, amene aliyense wodziwa atha kuwaona m'kati ndi kuwakonza. Linux ndi yotero, ndipo ili ndi mitundu yopepuka monga antiX ndi Puppy imene imayenda pa makompyuta a msinkhu wa Agogo. LibreOffice, imene inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice, imagwira ntchito za Word ndi Excel, imatsegula .doc ndi .docx, ndipo ndi yaulere. Mtundu wake wa 5.4 ndi womaliza umene umayenda pa XP.

Chitsanzo china chili konkuno ku Malawi. Mu 2001 a Gerry Douglas ndi anzawo a Baobab Health anatenga timakompyuta totchedwa I-Opener, timene ku America tinali titalephera pa msika ndipo tinkagulitsidwa motchipa, n'kutiika sikirini yodina ndi chala. Anayamba kulembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero timati Kamuzu Central. Ntchito imeneyo inakula n'kufika m'zipatala zambiri m'dziko muno. Zipangizozo zinali zotayidwa ngati Agogo. Zinapindula chifukwa panali anthu pompano odziwa kuzikonza.

NDIYE TITANI NAWO AGOGO?

Amene mukufuna kugulitsa muli ndi mfundo, sindikukana. Sikirini yake ya chimutu ija imadya magetsi kwambiri, sola yathu singaikwanitse. Pa intaneti singapite. Mwana wophunzira pa Word 2003 adzapeza mabatani ali malo ena pa Word ya lero. Zonsezo n'zoona.

Koma funsani azing'ono athu amene akutenga Computer Studies kuti pa sabata amagwira kiyibodi mphindi zingati, pamene mayeso a MSCE a phunziroli ali ndi gawo lochita pa kompyuta penipeni. Foni imaphunzitsa zala ziwiri. Siikuphunzitsa kutayipa ndi zala khumi, kusunga fayilo mu foda, kapena kulemba =SUM mu Excel, ndipo zimenezi sizinasinthe kuchokera 2003. Ine ndinakhoza gawo limenelo chifukwa cha Agogo, madzulo amene ndinkakhala pano ndili Fomu 1 magetsi akakhalapo. Laputopu yatsopano imene ena mukuilota tilibe ndalama yake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Maganizo anga, amene ndidzawapereke Loweruka, ndi awa.

Choyamba, kaya tigulitsa kaya ayi, tikopere mafayilo onse pa mafulashi awiri, ina isungidwe kwa a patironi, ina kwa mlembi. Maminitsi ndi malamulo tiwasandutsenso PDF, ndipo makadi a Publisher tiyambe ndi amenewo. Hard disk ya zaka zoposa 20 itha kufa tsiku lililonse osatsanzika.

Chachiwiri, Agogo asalumikizidwe ku intaneti, ngakhale pa hotspot ya foni. Fulashi yochokera kunja isalowe popanda chilolezo cha mlembi.

Chachitatu, tigule kabatire kaja ndi chotetezera magetsi, tipukute fumbi, ndipo tisake sikirini yafulati ya kaunjika yokhala ndi pulagi ya VGA. Tiikemo LibreOffice kuti .docx izitseguka bwino. Linux tiyambe taiyesa kuchokera pa CD, osafufuta kanthu.

Chachinayi, mamembala awiri, mtsikana ndi mnyamata, aphunzire kukonza. Bambo a ku Monkey Bay aja anakalamba, maso akuwavuta, koma ndinawapeza ndipo avomera kutiphunzitsa tikamawalipirira thiransipoti. Akuti kachikwama ka ma CD kaja akadali nako.

Chachisanu, wina akadzatipatsa kompyuta, tidzathokoze, koma tidzafunsenso: ili ndi Windows yanji, eni ake adzaisiya liti, ma driver ake ali kuti, ikafa tidzaipititsa kuti? Kufunsa si mwano.

Chomaliza, tsiku limene Agogo adzaferetu, hard disk tidzaichotse n'kuisunga ife. Zotsalazo tisadzaziwotche kuti tipeze kopa, ndipo tisadzazitaye kudzala kapena m'madzi. Galasi la sikirini yakale ija lili ndi mtovu wambiri, ndipo mvula ikagwa zonse za kumtunda kuno zimatsikira m'nyanja momwe timamwa ndi kupha usipa. Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, ili pakhomo pathu pomwepa.

Msonkhano ndi Loweruka 2 koloko masana, malo omwe aja. Ndidzawayatsa Agogo kuti aliyense adzaone yekha zimene zili m'katimo asanakweze dzanja. Amene mukudziwa kuti CV yanu kapena zithunzi zanu zili m'menemo, bwerani ndi fulashi yopanda kanthu. Amene muli kutali, uzani mlembi maganizo anu lisanafike Lachisanu, adzawawerenga pamsonkhano.

Tionana Loweruka.